Ba Petronella, Wolumpha wa ku Kanyama

Mukafika ku Kanyama n'kufunsa nyumba ya Ba Petronella, musadabwe akakufunsani kuti, "Ba vitumbuwa olo bolumpha?" Musavutike n'kusankha, ndi munthu mmodzi yemweyo. Ana a masiku ano amawadziwa chifukwa cha zitumbuwa zimene amakazinga m'mawa uliwonse pafupi ndi pokwerera minibasi. Koma amene pano ali ndi ndevu ndi ana awoawo amawadziwa chifukwa cha chala chachikulu cha kudzanja lawo lamanja. Chala chimenecho, abale anga, chinatchuka m'komboni muno kuposa anyamata ena omenya mpira.

Mayiwa anabadwira ku Chadiza. Anabwera ku Lusaka ali mtsikana kudzalera ana a azakhali awo, ndipo sanabwererenso. Ndi aafupi, ojintcha, oyenda mofulumira ngati asiya mafuta pamoto, ndipo nthawi zambiri amakhala atawasiyadi. Pakamwa pawo sipachedwa. Ndiye anthu anaseka pamene anakwatiwa ndi Ba Silas Mbewe, wokonza mawayilesi, mwana wa bambo wina amene anachoka ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu. Ba Silas anali munthu woti tiyi amayamba amuuzira ngakhale atazizira kale. Akafuna kuwoloka msewu ankayang'ana uku ndi uku, kenako n'kuyang'ananso, mpaka galimoto imene inalibe n'komwe maganizo obwera ifike.

Chaka china, mwana wawo Towela akadali kubere, munthu wina anasiya gemu pa kantemba ka Ba Silas kuti ikonzedwe, ndipo sanabwerenso kudzaitenga. Inali gemu ija yakale yolumikiza ku tivi, ya kaseti yachikasu yobaya pamwamba, yokhala ndi mapadi awiri, tizogwirira tija ta mabatani. Mapadi onsewo anali olumala. Ina inkagwira kamtanda koyendetsera kokha, batani lolumphira litafa. Inzake inali ndi batani lolumphira lamoyo, kamtanda kali zii. Ba Silas anayesa kuchotsa zabwino za iyi kuti aike mu iyo, koma zam'kati zinali zosiyana, zinakana. Munthu wina akanaponya zonse kudzala. Koma iwo kutaya chinthu sankadziwa. Anatenga kachitini ka polishi ya nsapato, anakabowola, anawotchereramo mawaya, padi iliyonse n'kuipangira pobaya pake, kenako anatulutsa waya mmodzi wopita ku gemu. Basi, mapadi awiri anasanduka padi imodzi yofuna anthu awiri: wina aziyendetsa, wina azilumpha.

"Bamake Towela, gwilani iyi," anatero Ba Silas tsiku limenelo. "Nikakamba kuti lumphani, mudinize apa."

"Ine nili na nchito, imwe."

"Kamozi chabe."

Kamodziko sikanathe mpaka lero. Pa tivi panaoneka kamunthu ka mutu waukulu, kopanda nsapato, kachikwama kumsana. Ba Petronella atangokaona anafuula kuti, "Uyu ni Kapambwe!" Linali dzina la kondakitala wina wamfupi wa minibasi za ku Kanyama, ndipo linakanirira. Pasanathe sabata, Ba Silas anasiya kunena kuti lumphani, chifukwa akamatsegula pakamwa n'kuti Kapambwe ali kale m'mwamba.

Lamlungu masana, akaweruka ku tchalitchi, awiriwa ankakhala pamphasa, miyendo tambalale, kutsogolo kwa tivi yawo yaing'ono ija ya chinunda kumbuyo. Pawindo pankadzaza mitu. Ena ankabwera ndi mapadi abwinobwino, obwereka kwa achibale a kumayadi, koma palibe amene ankafika kumene banja ili linkafika ndi mapadi ake olumala. Ndipo musaganize kuti kulumpha ndi kungodina batani. Wolumpha alibe miyendo, amayendera miyendo ya mnzake. Ba Petronella anaphunzira kumva mpweya wa amuna awo. Ba Silas akakoka mpweya, ndiye kuti aima. Bondo lawo likagunda la akazi awo, ndiye kuti athamanga. Maso ankakhala pa tivi, koma khutu linali pa munthu.

Kaseti ija inali yabodza kwabasi. Pachikuto inadzitama kuti muli masewera zikwizikwi, pamene anali masewera amodzi omwewo, ongoyambira malo osiyanasiyana: kuthengo, kumadzi, kumapiri. Ukatsika pansi penipeni pa mndandanda, malo omaliza kusankha anali linga. Uko kunalibe thambo, kunalibe mtengo. Makoma a miyala yotuwa, nyimbo yoopsa yokhala ngati ikukuuza kuti bwerera, maenje a moto, ndi zitsulo zaminga zolendewera pa matcheni, zopita uku n'kubwerera uku. Ukapulumuka zonsezo umafika pa mlatho wautali wa matabwa, pansi pake moto wokhawokha. Thabwa lililonse ukangoliponda limagwedera n'kugwa. Pakati pa mlathowo pamadutsa chitsulo chachikulu kuposa zonse. Tsidya, chitseko chofiira.

Chitseko chimenecho anachiona zaka ndi zaka osachikhudza. Chifukwa chake chinali chimodzi. Akafika pakati pa mlatho, Ba Silas ankaona chitsulo chikubwera, n'kuchotsa chala kuti chidutse kaye. Thabwa linkagwa, Kapambwe n'kupsa.

"Ba Silas, naimwe! Mwaimilila chani? Chisulo chija ni changa, ine nizachilumpha!"

"Bamake Towela, munthu sangathamangile chinthu chamene chibwela kumupaya."

"Manje mwaima, simunafe?"

Pawindo anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Ba Silas ankalumbira kuti ulendo wotsatira sadzaima, ndipo ankanena ndi mtima wonse. Koma chala chawo chinali ndi nzeru zakezake, chikaona chitsulo chinkadzuka chokha. Akatopa, ankazimitsa gemu n'kumakambirana za kuseri kwa chitseko. Ba Silas ankati kumeneko ndiko mathero, chifukwa linga ndilo lomaliza pakaseti. Ankati muli mpando waukulu woti Kapambwe akhale apume, avule kachikwama kake. Ba Petronella ankati za mpando adzaziona akadzafika, ngati munthu wina m'nyumbamo atasiya mantha.

Panali munthu mmodzi amene zimenezi sizinkamuseketsa. Ba Belinda, mlongo wamkulu wa Ba Silas, ankakhala ku Matero, komboni ina ya mu Lusaka momwemo. Mayi awo atamwalira, iwo ndi amene analera Ba Silas, kuwasambitsa ndi kuwaperekeza kusukulu. Ndi mayi wamtali, wa Chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi, bulauzi yoyera yositidwa mpaka m'makona, ndipo akamayenda panjira sapatukira munthu. Lamlungu lina, banjali likadali latsopano, anatulukira ku Kanyama osauza munthu. Anapeza pawindo pali khamu, m'nyumba mkazi atatambalala pafupi ndi mwamuna wake, akumukalipira pamaso pa komboni yonse kuti, "Yendani imwe! Yendani!" Ba Belinda anaima pakhomo, anaona, anatembenuka. Kuyambira tsiku limenelo sanawaitanepo Ba Petronella kuti mlamu. Kwa anthu ankati "mukazi wa Silas", pamaso pawo ankangoti "imwe". Ba Petronella zinkawawawa, ngakhale ankadzionetsa ngati alibe nazo ntchito. Pa maukwati ndi pa maliro ankagwada, kupereka moni, kulandira "imwe" wawo n'kubwerera kukhitchini.

Ba Silas anamwalira mwezi wa Okutobala, kukutentha. Anadwala pang'ono chabe, munthu amene moyo wake wonse sanafulumirepo pa chilichonse. Atawaika m'manda, achibale anasonkhana kugawa zovala ndi katundu wa malemu monga mwa mwambo. Wotsogolera anali amalume awo ochokera ku Katete, ndipo ndinene zoona, panalibe wolanda. Nyumba anaisiyira mkazi wamasiye, bedi, tivi, gemu, zonse. Malaya ndi nsapato zinapita kwa adzukulu, zipangizo za pa kantemba kwa msuweni wina. Kenako amalume ananyamula mapadi aja, anawatembenuza uku ndi uku, n'kuwazula pa kachitini.

"Tili tiwiri iti," anatero. "Kamodzi katsale kwa mayi wa nyumba, kamodzi kapite kwa mlongo wake, aliyense akhale n'chokumbukira."

Anthu anavomera kuti mkuluyu wagawa bwino. Anaonadi ngati ndi makapu awiri, oti ina ikachoka mumwerabe tiyi mu inzake. Anasankha padi yotha kwambiri, ya kamtanda kofufutika, n'kuipereka kwa Ba Belinda. Ba Petronella anali pakona, chitenje kumutu, maso pansi. Mkazi wamasiye tsiku limenelo sayankhula. Akangotsegula pakamwa pa nkhani ya katundu, mawa komboni yonse inena kuti ankalira zinthu osati mwamuna. Anangoona pansi pa chitenje padi ya Ba Silas ikulowa m'chikwama, zipi n'kutsekeka.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Lamlungu linafika monga limafikira. Ba Petronella anayala mphasa, anayatsa tivi, anabaya padi yawo pa kachitini, anasankha linga. Kapambwe anaima pachipata. Anadina batani, Kapambwe analumpha n'kutera pomwepo. Anadinanso, chimodzimodzi. Pamwamba pa tivi pali manambala amene amatsika pang'onopang'ono, ndipo akatha, Kapambwe amafa ngakhale palibe chamukhudza. Zaka zonsezi Ba Petronella anali asanaonepo manambalawo akutha. Tsiku limenelo anawaona. Analira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

Anapitiriza choncho Lamlungu lililonse. Aneba ankamva kaphokoso ka kulumpha, twii, twii, twii, kenako nyimbo ya imfa, kenako zii. Pawindo sipankabweranso munthu, chifukwa zinali zomvetsa chisoni kuziona. Towela, amene pano ndi mayi wa ana ake ku komboni ya Linda, anabwera n'kuwapeza ali choncho.

"Mami, lekani. Nizagula padi inangu mu tauni."

"Uzagula na chala cha batate bako?"

"Nanga tikapemphe chabe kuli ba anti."

Ba Petronella anamuyang'ana ngati wanena zotukwana. Chogawidwa pamaliro sichipemphedwa. Kupita ku Matero kukanena kuti bwezani, ndiye kuti ukuuza mtundu wonse wa Ba Silas kuti ndi akuba, ndi kuti amalume a ku Katete sadziwa kugawa. Ubale wotsalawo, wochepa kalewo, ukanathera pomwepo. Ndipo kwa yani? Kwa Ba Belinda, amene masewerawa ankawaona ngati manyazi a banja! Ba Petronella anali otsimikiza kuti padi ija ili pamwamba pa wodirobu, ikudya fumbi, kapena anaipatsa ana kuti aziikoka ngati galimoto. Akaganiza zimenezo mtima unkawira.

Mvula inayamba, Khirisimasi inadutsa. Mwezi wa Febuluwale, Towela anafika pa malo okazingira zitumbuwa atakwiya. Anati dzulo lake anali ku Matero, ndipo Ba Belinda potsegula chikwama chawo cha ku tchalitchi kuti atenge magalasi, iye anaona padi ija ili m'kati, yokulungidwa m'kampango koyera, pafupi ndi buku la nyimbo.

"Bayenda nayo na ku chalichi, mami! Sibaziba na nchito yake. Bafuna chabe kutivutisa."

Ba Petronella anaima ndi chipande m'manja, zitumbuwa zikuda m'mafuta, mpaka kasitomala wina anawagwedeza kuti mayi, vapsa. Anthu a pamenepo amanena kuti aka kanali koyamba kuona Ba Petronella akupsereza zitumbuwa. Mumtima ankati, ayi, mwana uyu sakudziwa. Munthu wosunga chinthu mwa nkhanza amachiponya pamwamba pa wodirobu. Sachikulunga m'mpango, ndipo sapita nacho ku tchalitchi.

Loweruka m'mawa sanakoleze mbaula. Anatenga beseni lalikulu lochapira, anayalamo bulangete, anaikamo tivi ija ya chinunda, gemu, kachitini ndi padi yawo, anaphimba ndi pulasitiki n'kumanga ndi chitenje. Inu amene simunafikeko ku Kanyama mwezi wa Febuluwale, dziwani kuti njira zimasanduka madzi, madzi ake akuda osati oti n'kupondamo. Anthu amaika mabuloko ndi miyala motalikirana, ndipo umayenda chodumphadumpha kuchoka pa uwu kufika pa uwo. Ba Petronella, mayi wa imvi zake, anasenza beseni n'kuyamba ulendo. Azimayi a pampopi anasiya kutunga.

"Bamake Towela, muzagwa na tivi!"

"Nikagwa muzanitola," anayankha osacheuka.

Sanagwe. Anafika pamsewu miyendo ili youma, anakangana ndi kondakitala za malo a beseni, anakwera, anasintha basi m'tauni, n'kufika ku Matero dzuwa lili pamutu. Koma atafika pageti la Ba Belinda, mantha amene sanawamve pamiyala anawagwira. Anaganiza zobwerera. Beseni ndi limene linawaletsa, chifukwa linali lolemera kuti abwerere nalo.

Ba Belinda anali pakhonde akusankha nyemba. Analandira moni, anaona beseni, nkhope inauma.

"Mwabwela kutenga?"

"Iyayi, bamulamu. Chamene banakupasani ni chanu. Sininabwele kutenga."

"Manje ivi ni vichani?"

"Nabwelesa vinzake. Nifuna chabe muone chinthu chimozi, nipite."

Mlendo sabwezedwa pakhomo, ndiye analowa. Mwamwayi malaiti analipo tsiku limenelo. Ba Petronella anaika tivi yawo patebulo, anasuntha maluwa apulasitiki, analumikiza mawaya, anakhala pansi. Ba Belinda anakhala pampando, manja atapinda. Nyimbo ya linga inayamba. Kapambwe anaima pachipata. Twii. Anatera pomwepo. Twii. Manambala anatsika, anatsika, anatha, Kapambwe anagwa.

"Chamupaya nichani?" anafunsa Ba Belinda. "Palibe chamugwila."

"Nthawi yasila. Alibe omuyendesa. Iyi yanga ni yolumpha chabe, miyendo ili kuli imwe." Ba Petronella analoza tivi. "Ni mwamene nankhalila kuchokela Okutobala, bamulamu. Nilumpha pamozi-mozi. Namuyewa mulongosi wanu, namusowa, nalema."

Ba Belinda anadzuka, analowa kuchipinda, anatuluka ndi chikwama cha ku tchalitchi. Anamasula kampango pamiyendo pawo. Kamtanda ka padi ija kanali kofufutika, ndipo mbali ya kumanja kanali ndi kadzenje kosalala, kamene chala cha Ba Silas chinakumba zaka zonse zija.

"Chala chake chili apa," anatero Ba Belinda. "Pamene enze mung'ono nenze kumugwila kwanja poyenda ku sukulu. Enze wamantha, Silas. Nikaika chala apa nimvela monga namugwila futi. Imwe munankhala naye zaka zonse. Ine banipasa aka chabe."

"Niziba. Ndiye chifukwa sininabwele kutenga. Bayani chabe apa, pa kachitini."

"Ine? Pa musinkhu wanga nisewele va bana?"

"Kamozi chabe."

Ba Belinda anatsika pampando, anabaya padi pa kachitini, anakhala pansi, miyendo atapinda mwaulemu ngati ali pa msonkhano wa amayi. Zimene zinachitika poyamba, ndi bwino kuti pawindo panalibe munthu. Ba Belinda anayendetsa Kapambwe chammbuyo mpaka kumugunditsa kukhoma. Atamutembenuza, anamuyendetsa pang'ono, anaima, anayendanso, n'kumugwetsera m'dzenje loyamba. Anamugwetseramonso kachiwiri. Anayamba kumukalipira ngati mdzukulu wosamva.

"Ka mwana aka nikopusa! Sikaona mulilo?"

"Bamulamu, mvelani. Dinizani pa kamugodi ka chala paja, musachosepo. Olo muone mulilo, olo muone chisulo, musaime. Vinangu vonse ni vanga."

"Nisaime chabe?"

"Musaime."

"Aa, iyo ni nchito yaing'ono."

Ndipo inalidi ntchito yaing'ono kwa iwo. Mayi amene moyo wawo wonse sanapatukirepo munthu panjira, aimire chitsulo cha pa tivi? Anadina, Kapambwe anathamanga ngati waba nkhuku. Tsopano amene anayamba kulakwitsa ndi Ba Petronella. Chala chawo chinazolowera Ba Silas. Pa dzenje lachitatu chinkadikira kampweya kaja koti tiime kaye, kampweya osabwera, Kapambwe n'kugwera m'moto. Pa zitsulo zazing'ono chinkadikira bondo, bondo osagunda. Anafa, anafanso, anafanso.

"Imwe, si ndimwe bakaswili?" anatero Ba Belinda. "Nanga mugwa bwanji?"

"Nimvelela munthu wamene kulibe," anayankha Ba Petronella, akupukuta maso ndi chitenje.

Ba Belinda anangosendera pafupi mpaka phewa lawo linakhudza la mnzawo, n'kutambasula miyendo. Nyemba zinaiwalika pakhonde, nkhuku za aneba zinachita phwando. Pang'onopang'ono Ba Petronella anasiya kudikira. Anayamba kulumpha msanga, kulumpha motalika, kuwerengera kuti miyendo iyi siima. Anadutsa maenje, anadutsa zitsulo, ndipo dzuwa litapendeka anaponda thabwa loyamba la mlatho.

Matabwa anayamba kugwa kumbuyo kwawo, gwa, gwa, gwa. Kutsogolo chitsulo chachikulu chija chinatulukira, minga ili nyankhalala, chikubwera molunjika.

"Mayo! Yesu!" anakuwa Ba Belinda, n'kutsinzina.

Anatsinzinadi, maso onse awiri. Koma chala sichinachoke. Ba Petronella anadikira, anadikira mpaka chitsulo chinatsala pang'ono kukhudza mphuno ya Kapambwe, monga mmene anakhala akukonzekera zaka zonse zija, n'kudina ndi mphamvu. Kapambwe anakwera m'mwamba, chitsulo chinadutsa pansi pake, anatera pa thabwa logwedera, anathamangabe, analumphanso kamodzi, ndipo anaponda mwala wa tsidya. Anakagunda chitseko chofiira n'kumangopalasa miyendo pamenepo, chifukwa woyendetsa anali akadadina.

"Segulani menso, bamulamu. Tafika."

Ba Belinda anatsegula diso limodzi. "Sitinafe?"

"Sitinafe. Manje dinizani pamwamba, tingene."

Ba Petronella anaika padi pansi. Chitseko chinatseguka, tivi inada bii, kenako inawala. Kunalibe mpando. Kunali thambo lobiriwira, udzu, timaluwa, dzuwa, ndi njira yopitirira kutsogolo mpaka kumene tivi imathera. Nyimbo inali yatsopano, yoti sinamvekepo m'nyumba ya ku Kanyama.

"Silas enze kukamba kuti kuli chani kuno?" anafunsa Ba Belinda.

"Enze kukamba ati ndiye posilizila. Ati kuli mupando waukulu wopumulilapo."

"Wabodza uja! Onani, njila ikali kuyenda."

Anaseka onse awiri, ndipo kusekako kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kogwirana m'khosi, kumene sanalirire limodzi pamaliro. Ba Belinda ankangoti Silas wanga, Silas wanga, wamantha iwe. Chala chawo chinabwerera chokha pa kadzenje, Kapambwe ananyamuka, anathamanga pa udzu n'kugwera m'dzenje loyamba, chifukwa wolumpha sankaona kanthu ndi misozi.

Kusanade, Ba Petronella anazimitsa tivi n'kuyamba kulongedza m'beseni. Anazula padi ya Ba Silas pa kachitini, anaiika pa kampango, anaikankhira kwa mwini wake. Sanapemphe, monga ananenera. Ba Belinda anaikulunga bwinobwino, anaibweza m'chikwama, n'kutseka zipi.

"Iyi sinizakupasani," anatero.

Mtima wa Ba Petronella unagwa, ngakhale ankadziwa kale. "Niziba, bamulamu."

Ba Belinda anawathandiza kusenza beseni, anawaperekeza mpaka pageti, kenako mpaka pamsewu, chinthu chimene sanachitepo. Basi itaima, anawagwira mkono.

"Nizabwela nayo mailo tikachoka ku chalichi. Koma namvela kuti kwanu kuli manzi." Anakonza mpango wa kumutu, maso ali kumbali. "Ine kulumpha siniziba, mulamu. Mukanichingamile ku musewu, muzanigwila kwanja."

Ba Petronella analowetsa beseni m'basi msangamsanga. Kondakitala anali akumenya kale chitseko cha basi.

Mawa lake masana, azimayi a pampopi anaona anthu awiri pamiyala ija. Kutsogolo wamfupi, akuyenda chammbali, dzanja atatambasulira kumbuyo. Kumbuyo wamtali wa bulauzi yoyera, dzanja limodzi litagwira la mnzake, linalo litakweza chikwama m'mwamba kuti chisanyowe, akukalipira mwala uliwonse. Anatenga nthawi, koma anafika. Posakhalitsa nyimbo ya linga inamveka, ndipo mitu inayamba kubwerera pawindo.

Mpaka pano padi ya Ba Silas imagona ku Matero. Imabwera Lamlungu n'kubwerera Lamlungu lomwelo, m'chikwama cha ku tchalitchi. Mukadutsa pa nyumbayo masana, mumva mawu a Ba Petronella akufuula monga kale, kungoti zimene amafuula zinasintha. Masiku ano amati, "Imani, bamulamu! Apa peve imani!"